Wosamva, Wovulala Ubongo, ADHD: Maina a Mwana Mmodzi M'zaka 250

Pa sukulu iliyonse ya m'komboni pali mwana amene aphunzitsi onse amamudziwa dzina sabata yoyamba ya temu isanathe. Amanyamuka pa desiki anzake ali cete. Amayankha funso lisanafike kumapeto. Pensulo yake imasowa tsiku lililonse, ndipo buku lake ladzala nchito zoyambidwa bwino koma zosatsilizidwa. Kunyumba akamutuma tomato ndi saladi pa kantemba, amabwela ndi tomato cabe, cenji waiwala komweko. Timamucha wosamva, wamphulupulu, wopanda mwambo. Ena amanong'ona kuti pali amene anamulodza.

Madokotala ali ndi dzina lawo la vuto limene ena mwa ana otele ali nalo: attention deficit hyperactivity disorder, mwacidule ADHD. Ndi vuto la kulephela kuika maganizo pa cinthu cimodzi, kusakhazikika, ndi kucita zinthu usanaganize. Ambili amati ndi matenda atsopano a ana a azungu, obwela ndi mafoni ndi TikTok. Koma madokotala anayamba kulemba za mwana ameneyu zaka 250 zapitazo, m'nyumba mulibe magetsi. Kucokela nthawi imeneyo dzina lake lasintha kangapo, ndipo dzina likasintha, zimene akulu anali kumucita zinali kusinthanso.

Cikoti cinayesedwa kale

Mu 1775 dokotala wa ku Germany, Melchior Adam Weikard, analemba za anthu amene maganizo awo sakhala pamodzi: amayamba ici, asanamalize athamangila cina, ndipo kanthu kakang'ono kamawasokoneza. Mu 1798 Alexander Crichton, dokotala wa ku Scotland, anapatula mutu wathunthu wa buku lake lonena za matenda a maganizo kuti akambe za kuchela khutu. Anaona kuti ena amabadwa ndi vutoli, kuti limaonekela akali aang'ono, ndiponso kuti nthawi zambili limacepa munthu akamakula. Anadzudzulanso masukulu a nthawi yake. Anati pali anyamata anzelu amene galamala ya Cilatini ndi Cigiriki siiwalowa, kaya uwaopseze ndi cikoti kaya uwanyengelele, ndipo vuto linali la maphunzitsidwe otenga ana onse ngati munthu mmodzi.

M'zaka za m'ma 1840 dokotala wa ku Frankfurt, Heinrich Hoffmann, analembela mwana wake kabuku ka zithunzi kochedwa Struwwelpeter. Mmenemo muli mnyamata, Philipp, amene amagwedeza mpando pa nthawi ya cakudya mpaka kugwa cagada, atakoka nsalu ya patebulo ndi mbale zonse. Kanali kabuku kophunzitsa ana mwambo, ndipo phunzilo lake ndi lomwe ambili a ife tinakula nalo: mwana wotele ndi wopulupudza, afunika cilango. Ku Germany mpaka lelo mwana wosakhazikika amamucha Zappelphilipp.

Cimene cinaonetsa mwanayu poyela ndi sukulu. Ku England lamulo la mu 1880 linakakamiza ana onse a zaka 5 mpaka 10 kupita kusukulu. Ana amene kale anali kumunda, kumsika kapena m'mafakitale anapezeka atakhala pa benchi maola ambili, akuuzidwa kuyang'ana kutsogolo. Mnyamata woweta mbuzi palibe amamufunsa cifukwa cake sakhala pansi. Funsolo limabadwa ukamutsekela m'cipinda cimodzi ndi anzake 50.

Dokotala alowelelapo

Mu March 1902 George Frederic Still, dokotala wa ana ku London, anakamba nkhani zitatu pamaso pa madokotala anzake a ku Royal College of Physicians, ndipo zinasindikizidwa m'magazini ya zacipatala ya The Lancet. Anafotokoza za ana 43 amene anali kulephela kudzigwila ndi kuika maganizo pa cinthu. Pa kagulu kena ka ana 20 amene nzelu zawo zinali bwinobwino ndipo sanadwalepo matenda aakulu, 15 anali anyamata, 5 anali atsikana.

Still anacha vutoli kupelewela kwa mphamvu yodziletsa pa makhalidwe. Dzinali likumveka ngati mlandu, ndipo ena mwa ana amene anawafotokoza anali akuba, abodza ndi ankhanza, amene lelo madokotala akanawaika m'gulu lina. Komabe ananena zinthu ziwili zofunika. Coyamba, ena mwa anawo analeledwa bwino, conco si nthawi zonse pamene makolo ndiwo alakwa. Caciwili, cilango sicinali kuwasintha: mwana alangidwa lelo, mawa acitanso zomwezo. Apa ndi pamene mwana wosamva anayamba kuonedwa ngati nkhani ya kucipatala.

Mlili umene unasintha ana

Kuyambila ca m'ma 1917 mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, mlili wa matenda otupitsa ubongo, encephalitis lethargica, unafalikila ku Ulaya ndi ku America. Constantin von Economo wa ku Vienna ndiye anaufotokoza mu 1917. Anthu ambili anamwalila. Ena mwa ana amene anacila anabwelela kwawo ali anthu ena: amene anali wofatsa anakhala waukali, wosagona, wosakhazikika. Makolo anali omwewo, nyumba yomweyo. Cimene cinasintha cinali ubongo.

Mu 1932 madokotala awili a ku Berlin, Franz Kramer ndi Hans Pollnow, anafotokoza ana osakhazikika mofanana kwambili ndi mmene ADHD imafotokozedwela masiku ano. Nchito yawo inadukila panjila. Onse awili anali ocokela ku mabanja aciyuda ndipo anathawa ulamulilo wa Hitler. Pollnow anagwidwa n'kuphedwa mu 1943 ku msasa wa Mauthausen.

Mlili uja unaphunzitsa madokotala kuti khalidwe lingacokele ku ubongo wovulala. Koma kenako anaitembenuza mfundoyo. Anayamba kunena kuti mwana aliyense wosakhazikika ayenela kuti anavulala ubongo, mwina pobadwa, ngakhale palibe cilonda cimene cinaoneka. Dzina latsopano linali minimal brain damage, kutanthauza kuvulala pang'ono kwa ubongo. Buku la Alfred Strauss ndi Laura Lehtinen la mu 1947 linalimbikitsa maganizo amenewa, ndipo linalangiza kuti ana otele aziphunzila m'timagulu tating'ono, m'zipinda zopanda zithunzi pakhoma, kutali ndi mawindo. Pofika m'ma 1960 akatswili anavomeleza kuti sungauze mayi kuti mwana wake anavulala ubongo ulibe umboni. Liu lakuti damage analisintha kukhala dysfunction, kutanthauza kusagwila bwino nchito.

Mapilitsi a masamu

Mankhwala oyamba anapezeka mwangozi. Mtsikana wina wa ku America, Emma Pendleton Bradley, anadwala matenda otupitsa ubongo ali ndi zaka 7, kale mlili uja usanabwele, ndipo sanakhalenso bwino. Makolo ake olemela anasiya cuma cawo kuti cimangile cipatala ca ana, cimene cinatsegulidwa mu 1931 ku Rhode Island. Dokotala wamkulu kumeneko, Charles Bradley, anali kupima ana pocotsa madzi a mumsana ndi kulowetsamo mpweya kuti ubongo uoneke pa X-ray. Kupimako kunali kusiya mutu wowawa koopsa. Pofuna kucepetsa ululuwo anawapatsa Benzedrine, mankhwala odzutsa thupi a gulu la amphetamine.

Mutu sunaleke kuwawa, koma aphunzitsi anaona zodabwitsa. Mu 1937 Bradley analemba kuti pa ana 30 amene anawapatsa mankhwalawo, 14 anayamba kucita bwino kwambili m'kalasi, ndipo ambili anafatsa. Ana okhawo anayamba kuwacha mapilitsi a masamu. Mankhwala akangolekedwa, zonse zinali kubwelela mwakale. Bradley mwiniwake anacenjeza kuti mapilitsi sangalowe m'malo mwa kukonza malo amene mwana akukulila. Kwa zaka pafupifupi 20 ndi madokotala ocepa amene analabadila zimene anapeza.

Mu 1944 Leandro Panizzon, katswili wa kampani ya Ciba ku Basel m'dziko la Switzerland, anapanga methylphenidate. Mkazi wake Marguerite, amene anali kumucha Rita, anali kumwa mankhwalawa asanapite kukasewela tenesi, ndipo dzina lakuti Ritalin linacokela kwa iye. Poyamba anali a anthu aakulu otopa ndi ovutika maganizo. Kuciyambi kwa m'ma 1960 America inalola kuti apatsidwe ana.

Mwina mukufunsa kuti mankhwala odzutsa angakhazike bwanji mwana wothamanga kale. Ganizilani minibasi ya injini yamphamvu koma mabuleki ofooka. Mbali ya kutsogolo ya ubongo ndiyo imatiuza kuti ima, yembekeza, tsiliza ici coyamba. Mankhwalawa amaonjezela dopamine ndi noradrenaline, timadzi timene maselo a ubongo amatumizilana nato uthenga, ndipo cimene cimadzuka ndi mabulekiwo. Amagwila maola ocepa cabe, ndipo vutolo salizula.

Mkangano ndi maina atsopano

Mu 1968 buku limene madokotala a zamaganizo a ku America amatsatila pozindikila matenda, lochedwa DSM, linaika vutoli pa dzina lakuti hyperkinetic reaction of childhood. Diso linali pa kuthamangathamanga. Mu 1970 nyuzipepala ya Washington Post inalemba kuti ana 5 mpaka 10 pa 100 alionse a m'masukulu a mu mzinda wa Omaha anali kumwetsedwa mankhwala osintha khalidwe. Ciwelengeloco cinali cokokomeza, koma nkhaniyo inafika ku nyumba ya malamulo, ndipo funso limene linabuka likalipo: kodi mapilitsi akuthandiza mwana, kapena akupumitsa mphunzitsi wotopa? Mu 1971 pangano la United Nations linaika methylphenidate pa gulu la mankhwala oyang'anilidwa mwamphamvu cifukwa angagwilitsidwe nchito molakwika.

Amene anasintha kaonedwe ka vutoli ndi Virginia Douglas wa pa yunivesite ya McGill ku Montreal, Canada. Mu 1972 anaonetsa kuti gwelo la nkhani ndi kulephela kusunga maganizo pamodzi ndi kudzigwila, ndipo kuthamanga ndi cizindikilo cimodzi cabe. DSM ya mu 1980 inatsatila ndi dzina lakuti ADD, ya mu 1987 inabweletsa dzina la ADHD, ndipo ya mu 1994 inagawa vutoli patatu: osakhazikika, osachela khutu, ndi amene ali nazo zonse. Kusinthaku kunaulula mwana amene onse aja sanali kumuona kwenikweni: mtsikana wokhala phee kumbuyo kwa kalasi, maso pawindo, wosasokoneza aliyense koma wosagwila ciliconse. Uyu sitimucha wosamva. Timamucha waulesi.

Panalinso njila zimene sizinafike patali. M'ma 1970 dokotala wa ku California, Benjamin Feingold, anachuka ponena kuti utoto ndi zokoleletsa za m'zakudya ndizo zimayambitsa vutoli kwa ana ambili. Ofufuza atayesa anapeza kuti kusintha zakudya kumathandiza ana ocepa, ndiponso pang'ono. Shuga nayenso anaimbidwa mlandu, koma mu 1995 kafukufuku wosonkhanitsa zoyesa zambili anapeza kuti shuga sasintha khalidwe la ana. Maswiti amawononga mano, ADHD sabweletsa.

Mu 1999 munatuluka zotsatila za kafukufuku wamkulu wa ku America ndi Canada wochedwa MTA. Ana 579 a zaka 7 mpaka 9 anagawidwa panayi kwa miyezi 14: ena mankhwala oyang'anilidwa mosamala, ena maphunzilo a makhalidwe ophatikiza makolo ndi aphunzitsi, ena zonse ziwili, ena cithandizo wamba ca kwawo. Pa zizindikilo za ADHD, amene analandila mankhwala anacita bwino koposa. Koma atawalondola patapita zaka 3, magulu onse anali atafanana, ndipo ana amene anamwa mankhwala nthawi yaitali anacepelako pang'ono msinkhu. Conco mankhwala amathandiza ndithu pamene akumwedwa, koma tsogolo la mwana silikwana m'botolo.

Kodi ndi matenda a azungu?

Mu 2007 Guilherme Polanczyk wa ku Brazil ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku wa m'maiko ambili ndi kupeza kuti ana pafupifupi 5 pa 100 alionse ali ndi ADHD. Kusiyana kwa ziwelengelo kunali kucokela kwambili ku mapimidwe kuposa ku dziko limene mwana akukhala. Kucokela pamene maphunzilo aulele anafika mpaka giledi 12 mu 2022, kalasi ya ana 80 si yacilendo kwathu kuno. Pa ciwelengelo cimeneci, m'kalasi yotele mungakhale ana 4. Kafukufuku wa ana amapasa waonetsanso kuti vutoli limayenda kwambili m'magazi. Kawilikawili mukafunsa bwino m'banjamo mudzamva za atate, amalume kapena agogo amene anali cimodzimodzi.

Koma mbili yomweyi icenjeza kuti dzina lingamatidwe pa mwana wolakwika, monga linamatidwila lija la kuvulala ubongo. Mu 2018 ofufuza a ku Harvard anayang'ana madela a ku America kumene mwana amayamba sukulu ngati wakwanitsa zaka 5 pofika pa 1 September. Ana obadwa mu August, amene ndiwo aang'ono kwambili m'kalasi, anali kupezeka ndi ADHD kwambili kuposa obadwa mu September, ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ena mwa iwo vuto lawo linali ubwana cabe.

Pali zambili zimene zimavala nkhope ya ADHD. Mwana amene wabwela kusukulu osadya, amene sanagone cifukwa ca nyimbo za pa bala yoyandikana, amene samva bwino khutu limodzi kapena saona pa bolodi, amene ali ndi khunyu ya kungoti duu kwa masekondi ocepa, amene akucitidwa nkhanza kapena waferedwa, onsewa sangachele khutu.

Zinthu ziwili zikutikhudza mwapadela. Coyamba ndi mtovu. Mu 1979 Herbert Needleman anapima mano akumkaka a ana a pafupi ndi Boston ndi kupeza kuti amene anali ndi mtovu wambili ndi omwe aphunzitsi awo anawalemba kuti amasokonezeka msanga ndipo satsatila malangizo. Caka comwe Still anakamba nkhani zake, 1902, ndi cimene miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka pamalo amene atsamunda anawacha Broken Hill, Kabwe ya lelo. Mgodiwo unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake likali m'dothi la ku Kasanda, Makululu ndi Chowa kumene ana amasewelela. Mwana wa kumeneko akamalephela kukhazikika, kupima magazi kuyenela kubwela patsogolo. Caciwili ndi malungo okwela ku ubongo. Kafukufuku wa ku Blantyre ku Malawi, wofalitsidwa mu 2010, anapeza kuti ena mwa ana amene anacila malungo amenewa pambuyo pake anayamba khunyu kapena khalidwe losokoneza. Ndi nkhani yomwe ija ya ana a mlili wa 1917.

Kumene ife tili

Malamulo athu anapita patsogolo. Kukwapula ana m'masukulu kunaletsedwa mu 2003, lamulo la maphunzilo la mu 2011 linatsindika, ndipo lamulo la ana la mu 2022 linabwelezanso. Mu 2019 lamulo latsopano la umoyo wa maganizo linalowa m'malo mwa lija la atsamunda limene linali kucha odwala maina onyoza. Koma pakamwa pathu tikali mu 1845. Liu lakuti Chainama timaligwilitsila nchito ngati citonzo, ndipo mayi angalole mwana wake kumenyedwa tsiku lililonse kuposa kuti aneba amve kuti anapita naye kwa dokotala wa zamaganizo.

Kupima kwenikweni sikucitika ndi makina kapena ndi mafunso a pa intaneti. Malinga ndi DSM ya mu 2013, mwana ayenela kukhala ndi zizindikilo zosacepela 6 pa 9 za kusachela khutu kapena za kusakhazikika, kwa miyezi yosacepela 6. Ziyenela kuti zinayamba asanakwanitse zaka 12, zizioneka m'malo awili kapena kuposapo, monga kunyumba ndi kusukulu, ndipo zizimulepheletsadi kuphunzila kapena kukhala bwino ndi anzake. Mwana amene avuta kwa mphunzitsi mmodzi cabe, nkhani yake ingakhale ina. Mphunzitsi amaona ndi kulemba zimene waona, koma wopeleka dzina ndi wacipatala wophunzitsidwa.

Malangizo a World Health Organization amaika patsogolo kuphunzitsa makolo ndi aphunzitsi. Methylphenidate ndi wa ana a zaka 6 kupita m'mwamba, njila zina zitayesedwa, ndiponso moyang'anilidwa ndi katswili, cifukwa amacepetsa cilakolako ca cakudya, amasowetsa tulo, ndipo msinkhu, sikelo ndi kugunda kwa mtima ziyenela kupimidwa. Mu 2019 ndi mu 2021 komiti ya bungweli inakana kumuika pa mndandanda wa mankhwala ofunika koposa, ponena kuti umboni wa phindu lake la nthawi yaitali sunakwane. Madokotala ena ambili anatsutsa cigamuloco, ndipo mkanganowo sunathe.

Zimene zimabwela patsogolozo sizilila ndalama. Mwana akhale kutsogolo, kutali ndi citseko. Apatsidwe lamulo limodzi pa nthawi, akuyang'anidwa m'maso, ndipo alibweleze ndi pakamwa pake. Nchito yaitali idulidwe m'zidutswa. Mphamvu zake zipatsidwe cocita: kufufuta bolodi, kugawa mabuku, kutunga madzi. Akacita bwino ayamikilidwe pomwepo, osati Cisanu. Kunyumba nthawi yogona, yodya ndi yolemba homuweki ikhale imodzimodzi tsiku lililonse. Izi sizicotsa ADHD, koma zimasunga mwana pasukulu, ndipo pamenepo ndi pamene pagona nkhani. Ofufuza apeza mobwelezabweleza kuti ana a vutoli akasowa cithandizo amasiya sukulu, amacita ngozi ndiponso amalowa m'mowa ndi mankhwala osokoneza ubongo kuposa anzawo. Mwana amene wauzidwa kwa zaka 10 kuti ndi wopanda pake amafika pokhulupilila.

Ambili a inu amene mukuwelenga muli ndi mng'ono kapena mlongo amene nyumba yonse yamulemba kale kuti ndi wosamva, ndipo mwina ndinu nokha pabanjapo amene mwamvako liu lakuti ADHD. Musathamangile kumumata dzina latsopano. Tengani kabuku, ndipo kwa milungu ingapo lembani zimene mukuona: zinayamba liti, zimacitika kuti, wadya, wagona, amamva ndi kuona bwino, anadwalapo malungo aakulu. Funsani aphunzitsi ake kuti nawonso alembe. Kenako khalani pansi ndi amayi kapena atate mwaulemu, muwaonetse, ndi kuwapempha kuti mupite naye ku kiliniki, kumene angamupime kapena kukulembelani kalata yopita ku cipatala cacikulu. Nyamulani kabukuko, lipoti la kusukulu ndi khadi lake la kusikelo.